Dzanja Limene Linasiya Giya

Mutu 6

1. Chitsulo cha m'thumba

Zipora atamaliza mayeso a Fomu 4, anzake ambiri anapita kwa abale ku tawuni kukadikira zotsatira. Iye sanapite kulikonse. M'mawa uliwonse akasesa pakhomo ndi kutunga madzi, ankatsetserekera ku galaja ya amalume ake, a Efulemu, kuseri kwa msika wa Mitundu.

A Efulemu ankakonza mainjini a zigayo, njinga zamoto ndi mapampu othirira. Zipora ankawapatsira masipanala ndi kutsuka zitsulo m'palafini. Ntchitoyi inkamukomera chifukwa chitsulo sichifunsa mafunso. Mtsikanayu anali wamanyazi koopsa. Kusukulu aphunzitsi akamuloza, yankho ankalidziwa ndithu, koma linkathera pakhosi.

Lachiwiri lina kunafika bambo wachikulire wochokera ku Nathenje, a Zakeyu. Anatsika pa kabaza atakumbatira thumba la feteleza ngati mwana wodwala.

"Ndinu a Efulemu? Akuti mumadzutsa zakufa."

"Zokomoka zokha, bambo. Zakufa timakaika."

M'thumbamo munali giyabokosi yaing'ono, yadzimbiri. A Efulemu anaitembenuza uku ndi uku.

"Ndi ya galimoto yanji imeneyi?"

"Ndi ya boti."

Anyamata a kabaza amene anali pamthunzi anafa nacho chiseko. "Boti ku Mitundu? Liziyenda mu ngalande ya kumsika?"

A Zakeyu sanaseke nawo. Iwo anagwira ntchito zaka zambiri m'sitima za panyanja. Atapuma, anagula boti lakale la thanga, chinsalu chachikulu chija chimakoka mphepo, n'kukaliika pa damu la esiteti ina ya fodya cha ku Malingunde. Botilo linali ndi kainjini kothandiza ponyamuka ndi pokocheza. Giyabokosi ya kainjini kameneko ndiyo inali itafa.

"Pali nkhani inanso," anatero a Zakeyu. "Manijala wa pa esitetipo, mayi Lilian, akufuna makaniko woti azisamala mapampu onse a pamunda. Anandiuza kuti ndione kagwiridwe kanu ka ntchito. Mukandikonzera bwino, ndikatchula dzina lanu."

A Efulemu analimbana nayo masiku anayi. A Zakeyu atabweranso, anawauza zoona zokhazokha.

"Giya ya kutsogolo ili bwino. Koma ya m'mbuyo mano ake adyeka. Ikugwira, koma ikufuna dzanja pa ndodo nthawi zonse. Mukasiya, ikutuluka yokha. Chitsulo chatsopano ndafunsa Lilongwe yense, kulibe."

"Dzanja tili nalo," anayankha a Zakeyu. "Mawa Loweruka tikayese."

2. Malangizo awiri

Loweruka m'mawa, Zipora akumanga nsapato, amayi ake, a Felesiya, anamuimitsa pakhomo.

"Tamvera, Zipora. Kumene ukupitako kuli anthu akuluakulu. Gilisi wa kwa amalume akowo asakuiwalitse kuti ndiwe mwana wochokera pakhomo pa anthu. Munthu wamkulu akamalankhula, usamudule mawu. Usamuyang'ane m'maso ngati ukufuna kumugula. Akakupatsa chinthu, kaya ndi singano, kaya ndi khasu, landira ndi manja awiri. Dzanja limodzi ndi la anthu opanda mwambo, ndipo lamanzere lokha ndiye kutukwana kwenikweni. Sukulu wamaliza, inde, koma satifiketi anthu saiona pankhope. Amaona manja. Ukakalakwitsa, sakanena kuti Zipora ayi, akanena kuti mwana wa Felesiya. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Anakwera njinga yamoto ya amalume, giyabokosi ili pamiyendo. Cha m'ma 10 koloko anali atafika, ndipo pomwe dzuwa limafika pamutu anali ataibwezera m'boti.

Waya wosinthira giya kuchokera pa chiwongolero unali utaduka kalekale. Ndodo ya giya inali pansi, m'kabowo kothina, kumanja kwa injini. Munkalowa mkono umodzi wokha, ndipo mkono wa a Efulemu unali waukulu.

"A injiniya, bwerani kuno," anamuitana. Ndi mmene ankamutchulira akakondwa. Koma apa nkhope yawo sinali ya nthabwala.

"Boti si njinga. Lilibe buleki. Ukafuna kuliimitsa, umaika giya ya m'mbuyo kuti injini ikoke chobwerera. Buleki wake ndi ameneyo basi. Ndiye lero buleki ndiwe. Ine nditsala pa doko kuti ndililandire, a Zakeyu awongola, iwe ukhala apa. Ndikakuwa kuti 'M'mbuyo!', koka ndodoyi ndi dzanja lamanja, usaisiye. Njuchi ikakuluma, ilume. Mphuno ikayabwa, iyabwe. Anthu amakhululuka, koma makina sadziwa zimenezo. Ukawasiya kamphindi kamodzi, amachita zofuna zawo. Wamva?"

"Ndamva, amalume."

Zipora anali atamva kawiri tsiku limenelo, ndipo konse kuwiri anamva ndi mtima wonse.

3. Pa doko

Doko lake linali kamlatho ka matabwa kolowa m'madzi, komangidwa ndi mabawuti akuluakulu. Boti linachoka bwinobwino. Giya ya kutsogolo inalowa mosavuta, a Zakeyu n'kumwetulira koyamba.

Ali pakati pa damu anazimitsa injini n'kukweza thanga. Mphepo ya mu Ogasiti inalidzaza, boti n'kupendekeka pang'ono, kumangoyenda lopanda phokoso. Zipora anagwira m'mphepete ndi mantha, koma mantha ake anali okoma. Anaona zigafa za fodya zikutsalira m'mbuyo, ndi ng'ombe zikumwa madzi kutsidya.

Pobwerera anatsitsa thanga n'kulizanso injini. Mphepo inali kumbuyo kwawo, ikuwakankhira ku doko.

"M'mbuyo!" anakuwa a Efulemu.

Zipora anagwada, analowetsa mkono n'kukoka ndodo. Injini inabangula, madzi anachita thovu, boti linayamba kuchepetsa liwiro. Ndodo inkanjenjemera m'dzanja lake ngati nkhuku yofuna kuthawa, koma anaipana.

Nthawi yomweyo mphepo inafunyulula mbali ina ya thanga. A Zakeyu dzanja lina linali pa chiwongolero, lina linali ndi chingwe chomangira boti. Posowa chogwirira chinsalucho, anatambasulira chingwe kwa Zipora, maso awo ali kutsogolo.

"Landira ichi, mwana wanga."

Dzanja lamanja linali pa ndodo. Lomwe linali lopanda ntchito linali lamanzere.

Zipora sanaganize n'komwe. Manja ake anachita zomwe anaphunzitsidwa kuyambira ali wamng'ono. Onse awiri anapita kukalandira chingwe.

Ndodo inati kwa! Injini inalira yopanda kanthu. Boti linatsetsereka, mphepo ikulikankha.

"M'mbuyo! M'mbuyo!"

Gwaa!

Mphuno ya boti inakagunda bawuti ya pa doko. Zipora anagwera kutsogolo, chingwe chinagwera pansi, ndipo dzanja lake linathamangira pa ndodo anthu asanacheuke.

Kutsogolo kwa boti kunali chibowo cholowa chibakera, pamwamba pang'ono pa madzi. A Zakeyu anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa a Efulemu.

"Ndiye ukatswiri wa ku Mitundu umenewu? Zaka zisanu ndi zitatu boti ili silinakhudzepo thabwa!"

A Efulemu analumphira m'boti n'kusuzumira pa injini. Anaona dzanja la Zipora litakakamira pa ndodo.

"Mwanayu sanasiye, taonani. Ndiye kuti mano akupulumuka ngakhale munthu atagwira. Pepani bambo, kulakwa ndi kwanga."

Zipora anatsegula pakamwa. Koma a Zakeyu anali atayambanso kulankhula, ndipo munthu wamkulu sadulidwa mawu. Atamaliza iwo, anayamba amalume. Atamaliza amalume, mawu aja anali atabwerera kale kukhosi.

4. Kufunafuna chimene kulibe

Anaichotsanso giyabokosi n'kubwerera nayo ku Mitundu. Lamulungu a Efulemu atangoweruka ku tchalitchi anaimasula. Lolemba anaimanga n'kuimasulanso. Lachiwiri anachita chimodzimodzi.

Ankaipana pa benchi, n'kugwira ndodo, n'kupukusa ndi dzanja. Giya inkagwira.

"Pano ikugwira, kumadzi ikukana," ankadandaula okha. "Kaya ndi madzi, kaya ndine ndakalamba, kaya."

Nkhani inali itafika kale kumsika. Tadala, mnyamata wa kabaza wapakamwa, ankadutsa dala pa galajapo akuliza belu.

"A Efulemu! Tamva kuti mwamiza sitima! Anthu angati apulumuka?"

"Choka apa iwe, tcheni chako chikadzaduka udzandipeza."

Ankayankha choncho, koma sankaseka. Mlimi wina amene anabwera ndi pampu yake anaima, anamvetsera nthabwalazo, n'kunena kuti abweranso. Sanabwerenso.

Zipora ankatsuka zitsulo zomwe zija m'palafini kachitatu. Zinali zoyera kale.

Lachiwiri madzulo, dzuwa lisanalowe, anakhala ndi amayi ake pakhonde akusankha nyemba.

"Amayi, munthu wamkulu akakupatsa chinthu, dzanja lako lili pa ntchito, umatani?"

"Ntchito iyambe yaima."

"Nanga ikakhala ntchito yoti singaime?"

"Ntchito yanji yoti singaime? Ine ndikamakazinga mtedza, apongozi n'kufika, sindiphula kaye? Wafunsiranji?"

"Palibe."

A Felesiya anamuyang'ana cham'mbali, koma sanafunsenso. Zipora anapitiriza kusankha. Patapita nthawi anazindikira kuti nyemba zabwino akutaya pansi, zofumbwa akuika m'lichero.

5. Kumata chibowo

Lachitatu anabwerera ku damu. Ogwira ntchito pa esiteti anali atalikokera boti kumtunda n'kuligoneka pa matayala akale. A Zakeyu anali atabweretsa nsalu ya faiba, yoyera, yoyabwa m'manja, ndi chitini cha guluu wake. Kwa a Efulemu anangopereka moni wa pakamwa. Zipora ndiye anamuitana kuti awathandize.

"Chibowo sitimata pomwe tikuchionapo pokha," anamuuza. "Mng'alu umayenda kunsi kwa penti. Pala mozungulira mpaka upeze pomwe wathera."

Zipora anapala ndi sandipepa mpaka zala kutentha. Chibowo cha chibakera chija chinasanduka bala lalikulu ngati mbale. Kenako anadula zigamba za faiba, zazikulu ndi zazing'ono, n'kuzindandalika pathabwa.

"Tsopano tamvera. Guluu uyu ukamuthira madontho a mankhwala oumitsa, uli ndi mphindi khumi ndi zisanu. Ukachedwa amauma m'chitini momwemo. Tenga bulashi."

Zipora analandira.

"Mwaona, a Efulemu?" anatero a Zakeyu mokweza. "Mwana uyu ali ndi mwambo. Amalandira ndi manja awiri. Ntchito ya anthu ena ikanakhala ngati khalidwe la mwanayu, bwenzi boti langa lili pamadzi."



A Efulemu anali atakoka waya wa magetsi kuchokera ku kanyumba ka mapampu, ndipo anali atapana gudumu la mano a giya pa thabwa. M'manja anali ndi gilayinda, makina opalira zitsulo.

"Bambo, ndaganiza chinthu chimodzi chotsala," anatero. "Ndipale mano awa kuti azikolana mozama. Koma ndinene poyera. Ndikapala mopitirira, giya yonse yatha, ndi ya kutsogolo yomwe. Ndipo china kulibe."

"Palani," anayankha a Zakeyu. "Dzina lanu ndiye mwapala kale."

Anathira madontho aja m'chitini, anatakasa, n'kumupatsa Zipora. "Yamba ndi chigamba chachikulu. Fulumira."

Gilayinda inalira.

Zipora anamata chigamba choyamba. Anacheuka. Amalume anali akuweramira pa gudumu lija, akufunafuna poyambira. Zipora anaika chitini pansi, anapita pafupi n'kugwada.

"Amalume, ndinasiya."

Phokoso linameza mawuwo.

"Amalume!"

Sanamve. Mwala wa gilayinda unali utatsala pang'ono kukhudza dzino loyamba.

Pafupi ndi bondo lake panali polumikizira mawaya. Zipora anagwira n'kuzula.

Kunangoti zii.

"Aa, magetsi apitanso?" anatero a Efulemu, akuyang'ana ku kanyumba kaja.

"Ayi, amalume. Ndine."

"Iwe? Wapunthwa pa waya?"

"Ndazula dala. Musapale. Giya ilibe vuto lina. Tsiku lija ndinasiya ndodo."

Mawuwo anatuluka mokweza kuposa mmene iye ankafunira, moti mayi wina amene ankachapa kumunsi anadzutsa mutu.

A Efulemu anaika gilayinda pansi pang'onopang'ono. "Koma ndinakupeza utagwira."

"Ndinagwiranso titagunda kale."

"Unasiyiranji?"

"Ndimalandira chingwe."

"Chingwe chanji?" anafunsa a Zakeyu.

"Chomwe munandipatsa, bambo. Thanga litafunyuluka."

A Zakeyu anayang'ana dzanja lawo ngati la munthu wina. Anavula chipewa, anakanda mutu, n'kuvalanso.

"Ine ndinakupatsa chingwe? Iwe uli pa giya? Ndinakupatsadi."

"Koma Zipora," anatero a Efulemu, "sindinakuuze kuti ngakhale njuchi ikulume?"

"Munanena za njuchi, amalume. Za munthu wamkulu simunanene."

Sanali kuchita mwano, ndipo onse awiri anaona kuti sakuchita mwano. A Zakeyu anatulutsa kaphokoso kosadziwika ngati kuseka kapena kutsokomola.

"Nanga lamanzere linali kuti?" anafunsa a Efulemu.

"Amayi anati lamanzere lokha ndi kutukwana."

"Achemwali anganso!" A Efulemu anagwira m'chiuno. "Ndiye ndikalimbane ndi ndani ine? Mano a giya, achemwali anga, kapena a Zakeyu?"

A Zakeyu anakhala pa tayala n'kumukodola Zipora kuti asendere.

"Mwana wanga, amayi ako sanakunamize. Ndisakubisire, ukanalandira ndi lamanzere ine n'kuona, ndikanati mwana wa kwa yani ameneyu. Amalume akonso sanakunamize. Pamadzi, chimene wapatsidwa kugwira ndicho moyo wa onse amene ali m'botimo. Ine ndagwira ntchito ndi akuluakulu oopsa, oti akadutsa umavula chipewa. Koma ngakhale iwowo akakupatsa chinthu dzanja lako lili pa chingwe, unkayankha mokuwa kuti, 'Dzanja lili pa ntchito, bwana!' Ndipo sankakwiya. Ankakwiya ukakhala chete. Manja uli nawo awiri okha, sangakwanire paliponse. Pamene manja aperewera, pakamwa pamathandiza."

Zipora anayang'ana pansi. Sanadziwe ngati akumudzudzula kapena akumupepesa. Mwina a Zakeyu eni akewo sankadziwanso.

A Efulemu anamasula gudumu lija pathabwa n'kulipukuta ndi kansalu. Polankhula sanamutchule injiniya.

"Za manja awirizo sindikukuimba mlandu, Zipora. Ukanandiuza Loweruka lomwelo, bwenzi titaseka n'kuiwala. Koma masiku atatu unkandipatsira sipanala, ukundiona ndikufunafuna chinthu choti kulibe. Tadala akundiseka, iwe uli pomwepo. Chimenecho ndiye chikundiwawa. M'galaja munthu wobisa cholakwa ndi woopsa kuposa munthu wolakwitsa, chifukwa amachititsa anzake kuwononga zinthu zabwinobwino."

"Pepani, amalume."

"Ndamva. Koma mtima sunatsike, usandifulumizitse."

Atakumbukira chitini chija, anapeza guluu atauma gwa, bulashi itaima chilili pakati.

6. Mawu amene anapita kale

A Zakeyu sanadandaule za guluuyo. Ankangosisita thumba la malaya momwe munali foni, ngati munthu womva kutentha pachifuwa.

"A Efulemu, nanenso ndili ndi changa choti ndinene. Lamulungu ndinawaimbira mayi Lilian. Ndinali ndi mkwiyo. Ndinawauza kuti mapampu awo asakupatseni, mungawaphere fodya yense."

A Efulemu anangogwedeza mutu. Anayamba kulongedza masipanala m'chikwama, imodziimodzi.

"Ndiwaimbiranso pompano," anapitiriza a Zakeyu. "Koma mayi amene uja ndimamudziwa. Ndikanena ine, adzati mkuluyu wagwidwa chisoni, akufuna kuphimba mnzake. Lamulungu ndanena zina, Lachitatu ndinene zina, andikhulupirira bwanji? Ayenera kumva kwa mwini dzanja."

Onse awiri anayang'ana Zipora.

Mtsikanayo anali asanawaonepo mayi Lilian. Ankangomva kuti akalankhula, ngakhale oyendetsa mathirakitala amazimitsa injini.

"Sitikukukakamiza," anatero a Efulemu, maso ali m'chikwama. "Ukakana, tizipita. Zigayo zilipo, sitifa ndi njala."

Zipora anayang'ana zala za amalume ake. Zinali ndi mabala atsopano a masiku atatu aja.

"Imbani, bambo," anatero.

A Zakeyu anaimba, anakweza mawu a foni n'kuiika pamwamba pa boti. Inaitana kamodzi, kawiri, katatu.

"Halo? A Zakeyu, mwatani kodi?"

Zipora anasendera pafupi.

"Si a Zakeyu, mayi. Ndine Zipora, mwana wa mlongo wawo wa a Efulemu. Zimene munamva za amalume si zoona. Boti ndinagunditsa ndine."

Kumbali inayo kunamveka mpando ukukokedwa, ndi mawu a mwamuna wina akulankhula chapansipansi.

"Zipora, eti?" anatero mayi Lilian. "Pafoni sindiweruza nkhani. Pano ndili ndi makaniko wina wochokera ku Lilongwe, ndipo cholembera chili m'manja mwake kuti asainire ntchito ya mapampu. Ofesi ili pamwamba pa chitunda, kuseri kwa zigafa. Ngati uli ndi mawu, ubwere nawo wekha. Ndikupatsa mphindi khumi."

Foni inaduka. Zipora anayang'ana chitundacho, anavula nsapato n'kuyamba kuthamanga.